Ndithandizeni pa za Daniel Sickles ali kazembe ku Spain

Abale okonda mbiri yakale, ndikupempha nzeru zanu. Ndikukonza phunziro lonena za Daniel Sickles, phungu wa ku New York amene mu 1859 anawombera ndi kupha Philip Barton Key chifukwa chomunyengera mkazi, khoti n'kumumasula ponena kuti mutu unali utamusokonekera panthawiyo. Ku Gettysburg, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pa 2 July 1863, anasunthira asilikali ake kutsogolo osamvera mkulu wake, General Meade, ndipo chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo wakumanja mpaka anaudula.

Pamene pandiimitsa mutu ndi ku Madrid, kumene Pulezidenti Grant anamutumiza mu 1869 ngati kazembe wa America. Mu 1873 a Spain atagwira sitima ya Virginius, yomwe inali ndi mbendera ya America, n'kupha anthu 53 ku Santiago de Cuba, Sickles anatentha mtima kwambiri, moti Hamilton Fish, nduna ya zakunja ya America, anakambirana za mgwirizano ku Washington momulambalala, Sickles n'kutula pansi udindo.

Kodi Grant anaona chiyani mwa munthu wamtima wapachala chonchi kuti amupatse ukazembe? Ndipo alipo amene anawerengako makalata a Sickles ndi Fish a nthawi imeneyo, andiuze kumene ndingawapeze? Sindikufuna kumuweruza pamaso pa ophunzira ndisanamve mbali yake.