Kuyendera malo amene anakumbapo malasha m'nyengo ya masika

Mnyamata wa ku Zóbuè: Akuluakulu, migodi ikuluikulu ya malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, inayamba kutulutsa malasha mu 2011. Malo otere akakwiriridwa n'kubzalidwa mitengo, kodi gulu la achinyamata lingakayendeko mu Meyi? Tikonzekere zotani, nanga nthaka yochiradi timaidziwa bwanji?

Mayi a ku Ulónguè: Mwasankha mwezi wabwino, mwanangu. M'dzinja paliponse pamabiriwira, ngakhale pamene dothi ndi lopyapyala. Mvula ikadula mu Epulo m'pamene nthaka imadziulula: pochira udzu umauma pang'onopang'ono n'kusiya njere, pomwe posachira umapserera msanga n'kusiya zipalapala. Koma yambani mwapempha chilolezo kwa eni mgodi, akupatseni munthu wokutsogolerani, chifukwa malowo amakhalabe m'manja mwawo. Nyamukani 6 koloko m'mawa, pofika 10 mukhale mutabwerako, dzuwa la ku Tete silisewera. Aliyense atenge madzi malita awiri, avale nsapato zotseka ndi buluku lalitali chifukwa cha mphiri zobisala m'udzu.

Bambo a ku Tsangano: Ndiwonjezere za nthaka. Tengani khasu laling'ono mukumbe kadzenje. Pamene ntchito inagwiridwa bwino mupeza dothi lapamwamba lokwana masentimita 20 kapena 30, mizu italowa pansi, chiswe ndi nyerere zilipo. Mukagunda miyala yakuda pa masentimita 5, dziwani kuti anangowaza dothi, ndipo mvula ziwiri zitatu zidzalikokolola. Pamalo otsetsereka onani ngati pali mizere ya udzu wa vetiva yopingasa; popanda imeneyi pamang'ambika zigwembe.

Kenako yang'anani madzi otuluka m'munsi mwa milu ya miyala ndi zotsalira za mumgodi. Ngati asiya utoto wa dzimbiri pamiyala, ndiye kuti miyala ya salifa yakumana ndi mpweya ndi madzi n'kupanga asidi. Madzi amenewo osamwa, osasamba, ngakhale mbuzi zisamwe. Mankhwala ake ndi laimu komanso kuphimba muluwo ndi dongo lotsindira kuti mpweya usalowe. Madamu otsala m'maenje muziwaonera patali: magombe ake ndi ochita phompho ndipo amagumuka.

Achimwene a ku Furancungo: Zonsezo n'zoona, koma choopsa kwambiri simunachitchule: moto wapansi. Zotsalira za malasha zikaunjikidwa mosatsindira zimayaka zokha mkati, miyezi n'kumapita. M'mawa kukadali kozizira muona kautsi kakutuluka m'ming'alu, fungo ngati la machesi ongoyatsa kumene, udzu utauma mozungulira. Pamenepo osaponda, pansi pangakhale mphako yamoto. Bwererani njira imene munadzera ndipo muuze wokutsogoleraniyo.

Za mitengo, ine bulugamu wondandalikidwa m'mizere sandikopa. Amakula msanga, inde, koma pansi pake sipamera zambiri. Fufuzani tsanya, msangu, masau, bwemba ndi mlambe, makamaka timbande tomera tokha kutali ndi mizere, chifukwa timeneti timasonyeza kuti mbalame ndi ziweto zayamba kufesa njere. Mlambe mukaupeza ukuyoyola masamba mu Meyi musati wafa, ndi nyengo yake.

Mayi a ku Ulónguè: Ndinaiwala: osasuta fodya kapena kusonkha moto wowotchera chimanga. Onaninso ngati alambula njira zotchinga moto m'malire, chifukwa lupsa la mu Ogasiti ndi Seputembala limapha mitengo ya zaka ziwiri kapena zitatu tsiku limodzi.