Kodi WhatsApp ndi yokwanira kubisa zokambirana za amayi oyendayenda ndi makasitomala awo?

Nachisale:
Moni nonse. Amayi ambiri oyendayenda masiku ano amapangana ndi makasitomala pa foni, osati ku bala kokha. Madandaulo ake ndi omwewo: kasitomala wadziwa dzina lenileni la mayi asanauzidwe, mkazi wa kasitomala waimba foni kudzatukwana, chithunzi chapezeka pa gulu la WhatsApp la kwawo. Ena akuti asamukire ku Telegram, ena akuti Signal. Odziwa za mafoni tithandizeni, chinsinsi chimathawira pati, ndipo munthu wa foni ya itel kapena Tecno angachite chiyani?

Wamafoni_Limbe:
Mayi Nachisale, vuto silikhala panjira pamene uthenga ukudutsa. Kuyambira 2016 uthenga wa pa WhatsApp umatsekedwa pochoka ndipo umatsekuka pa foni ya wolandira yekha, moti Airtel, TNM ngakhale eni WhatsApp sangauwerenge. Chinsinsi chimathawira pa nambala ndi pa foni zenizenizo.

Tiyambe ndi nambala. Kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo munthu akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba amaona dzina la mwini nambala. Kasitomala wofuna kudziwa dzina la mayi sasowa luso lililonse, amangotumiza kandalama kochepa, dzina n'kutuluka lonse. Kugula simu yachiwiri sikuthetsa zimenezi chifukwa nayonso ili m'dzina lomwelo. Yothandiza ndi iyi: nambala ya ntchito isatsegulidwe Airtel Money kapena Mpamba, malipiro akhale a pamanja. Ena amalembetsa simu m'dzina la mnzawo, koma ikatayika sangaibwezeretse popanda mwini chiphasoyo, ndipo ndalama zili m'menemo zimakhala za iyeyo.

Nambala imaululanso dzina kudzera pa Truecaller, yomwe imaonetsa dzina limene anthu ena anasungira nambalayo m'mafoni awo. Pa tsamba la Truecaller pali malo ochotsera nambala, amati unlist. Facebook nayo ikaloledwa kuwerenga manambala a m'foni imatha kuonetsa mayi kwa kasitomala pa People You May Know, ndi zithunzi za ana ndi za kutchalitchi zomwe. Nambala ya ntchito isalembedwe pa Facebook kapena TikTok, ndipo chilolezo cha Contacts chizimitsidwe pa mapulogalamu amenewa.

Mafoni awiri ndiye njira yabwino, ngakhale yachiwiriyo ikhale yakaunjika. Ngati ndalama palibe, kuyambira 2023 WhatsApp ya pa Android imalola maakaunti awiri pa foni imodzi. Pa akaunti ya ntchito lowani Settings, kenako Privacy: Profile photo, About ndi Last seen ziikidwe pa Nobody, Default message timer ikhale maola 24 (palinso masiku 7 ndi 90). Pa Chats zimitsani Media visibility kuti zithunzi zisamagwere mu Gallery. Pa Account tsegulani Two-step verification, muike PIN ya manambala 6, kuti wakuba simu asalowe mosavuta.

Zinthu ziwiri anthu amaziiwala. Choyamba ndi Chat backup: zokambirana zimakopedwa kupita ku Google Drive, ndipo kumeneko sizikhala zotsekedwa mofanana pokhapokha mutatsegula End-to-end encrypted backup n'kuika pasiwedi. Pa akaunti ya ntchito kuli bwino kungozimitsiratu. Chachiwiri ndi Linked devices. Munthu amene wabwereka foni mphindi imodzi yokha akhoza kuilumikiza ku kompyuta kapena foni yake n'kumawerenga zonse ali kwawo. Muziyang'anamo sabata iliyonse, mukapeza chida chosadziwika dinani Log out.

Za Telegram, musanamizidwe. Zokambirana wamba za kumeneko zimasungidwa pa makompyuta a kampaniyo. Zotsekedwa mpaka kwa wolandira ndi za Secret Chat zokha, zimene munthu amachita kuziyambitsa yekha. Signal ndiyo yabwino kuposa zonse, chifukwa kuyambira 2024 munthu amatha kupereka username m'malo mwa nambala, n'kuika Nobody pa Who can see my number ndi pa Who can find me by number. Vuto lake ndi loti makasitomala ambiri kuno alibe, ndipo bandulo ya WhatsApp siigwira ntchito pa Signal.

Nangozo:
Achimwene afotokoza bwino, koma pa zithunzi ndiwonjezere, chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekera kwambiri. View once imakana sikirinishoti pa WhatsApp yeniyeni, inde, koma anthu ambiri ali ndi GB WhatsApp ndi anzake, mapulogalamu otengera WhatsApp amene si a kampaniyo, omwe amanyadira kuti amasunga zithunzi zoona kamodzi komanso mauthenga amene wotumiza wafufuta. Mayi alibe njira yodziwira chimene kasitomala waika pa foni yake. Ngakhale ikhale WhatsApp yeniyeni, foni yachiwiri imajambula sikirini bwinobwino. Choncho chithunzi chilichonse chiziwerengedwa kuti chikhoza kufika kwa alamu ake.

Nkhope ndi thupi zisakhale pa chithunzi chimodzi. Chipsera, tatuu, mphete, chitenje cha chipani kapena cha mpingo, kalendala ya pakhoma, katani wa pawindo, zonsezi zimamuzindikiritsa munthu kwa womudziwa. Chithunzi chimene chinaikidwapo pa Facebook chisagwiritsidwe ntchito, Google Lens imachipeza. Potumiza, chitumizidwe ngati chithunzi, osati ngati Document: chikapita ngati Document chimanyamula zonse zimene kamera inalemba, kuphatikizapo malo a GPS ngati anali otsegula. Zimitsani Location mu kamera momwemo. Kuimbirana pa vidiyo nakonso kumajambulika ndi screen recorder wina osadziwa.

Kufufuta mu Gallery sikumaliza ntchito. Chithunzi chimatsalira mu Trash kwa masiku 30 kapena kuposerapo, chimatsalira mu Google Photos ngati Backup ili yotsegula, ndipo china chimakhala mu foda ya Sent mkati mwa WhatsApp Images. Foni ikamapita kwa wokonza, simu ndi memori khadi zichotsedwe, ndipo ngati ndi sikirini yokha yasweka palibe chifukwa chomupatsira PIN.

Loko ya foni ikhale PIN ya manambala 6, osati chala. Chala amachigwira munthu ali mtulo kapena ataledzera. Mauthenga asamaoneke pa sikirini foni ili yokiya. Izi zikukhudzanso kasitomala, pakuti nthawi zambiri nkhani imaphulikira pa foni yake: wasunga nambala, uthenga waoneka ali kubafa, akunyumba akopera nambala. Mayi amuuziretu nthawi yolemba ndi yosalemba, ndipo kasitomala agwiritse ntchito Chat lock, loko ya mu WhatsApp yobisa zokambirana ndi munthu mmodzi.

Mlongo_wa_Paralegal:
Pamenepa pokha pa maola 24 sindikugwirizana nanu, achimwene a ku Limbe. Kufufuta zonse kumateteza kasitomala kuposa mayi. Akamenyedwa, akaberedwa kapena akaopsezedwa, umboni ndi mauthenga omwewo. Kwa kasitomala watsopano nthawi ikhale masiku 7, ndipo asanakumane mayi atumize kwa mnzake mmodzi wodalirika nambala ya kasitomala, dzina la loji, nambala ya chipinda, nambala ya galimoto ndi nthawi yotulukira. Live location ili ndi mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Ipite kwa mnzakeyo, osati kwa kasitomala. Apanganenso mawu wamba, monga kufunsa ngati mwana wadya, otanthauza kuti zinthu zaipa. Malo oyamba kukumanirana asakhale pakhomo pa mayi.

Wina akayamba kunena kuti "ukapanda kundipatsa ndalama ndimwaza zithunzi", asamulipire, wolipidwa kamodzi amabweranso. Ajambule masikirinishoti oonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, atsegule zokambiranazo, adine timadontho titatu ta pamwamba, kenako More, n'kusankha Export chat, atumize ku imelo, kenako ndiye amubuloke. Ambiri amayamba ndi kubuloka ndi kufufuta chifukwa cha mkwiyo, umboni n'kuthera pomwepo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, ndipo dandaulo likhoza kupita ku Victim Support Unit ya kupolisi. Palinso tsamba lothandiza kuti zithunzi zachinsinsi zisamwazidwe, StopNCII.org, la anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo: chithunzi sichichoka pa foni, chimene chimapita ndi chidindo chake cha manambala, ndipo Facebook, Instagram ndi TikTok amachigwiritsa ntchito potsekereza chithunzicho. Koma mkati mwa WhatsApp sichingafikemo, chifukwa cha kutsekedwa kwa mauthenga kuja.

Amayi ambiri amaopa kupolisi poganiza kuti mauthengawo awamangitsa okha. Mu 2016 Khoti Lalikulu ku Zomba, pa mlandu wa amayi 19 omwe anamangidwa ku Dedza, linagamula kuti gawo 146 la Penal Code silinena za mayi amene akudya ndalama za thupi lake, koma za anthu omudyera masuku pamutu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limatetezanso chinsinsi cha mauthenga a munthu aliyense. Pansi zinthu sizitsata malamulo nthawi zonse, n'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi wa bungwe la Female Sex Workers Association kapena wa CHREAA, bungwe loona za ufulu wa anthu.

Wamafoni_Limbe:
Mwalasa, achemwali, masiku 7 kwa watsopano. Ndiwonjezere za malipiro, kwa amene sangachitire mwina koma kulandira pa foni. Uthenga woti ndalama zalowa umapekedwa: munthu amalemba SMS yofanana ndi ya kampani n'kuitumiza kuchokera pa nambala wamba. Musakhulupirire uthenga kapena sikirinishoti ya kasitomala. Imbani *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM muone balansi nokha, foni mutaitembenuzira kumbali polemba PIN.