Nkhope za m'kanema wakale zaphwatalala, ndikonze bwanji?

mzime_wa_mayi:

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru. Malemu bambo anga anasiya matepi 14 a MiniDV omwe anajambula ife tikukula. Ndinawatsitsira mu kompyuta kudzera pa chingwe cha FireWire, koma poona kuti ola limodzi likudya pafupifupi 13 GB, ndinawasandutsa onse kukhala MP4 ndi kapulogalamu kena kaulere. Tsopano ndikuwalumikiza mu pulogalamu yokonzera makanema ya Shotcut kuti abale tonse tikhale ndi kanema mmodzi wa 1920x1080.

Matepi oyambirira ankasiya mipata yakuda m'mbali, ndiye ndinakoka chithunzi mpaka kudzaza sikirini. Nditaonera pa TV mtima unandiwawa. Mayi anga afupika, nkhope yaphwatalala, si mayi amene ndimawadziwa. Kumbuyo kwawo kuli wotchi ya pakhoma imene ndinakula ndikuiona, yozungulira bwinobwino, koma apa ili ngati dzira logoneka. Matepi atatu omaliza sindinawakhudze, koma nawonso ali ndi lawo: achemwali anga atalika ndi kuonda, matayala a njinga yawo ngati mazira oimika. Kodi ndawononga zonse? Mawu a mayi ndi nkhope yawo zatsala m'matepi amenewa basi.

wa_matepi_akale:

Pepani ndi za malemu. Mtima ukhale m'malo, palibe chawonongeka. Ndipo mwachita bwino kutchula wotchi ndi matayala, chifukwa chinthu chozungulira ndiye mboni yosanama pa vuto ngati ili. Nkhope imapusitsa, diso limazolowera msanga.

Gwero lake lili apa. Kamera ya MiniDV ya PAL (dongosolo la TV la ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa) imasunga chithunzi chilichonse pa 720x576, kaya mwajambula pa 4:3 kaya pa 16:9. Mukagawa 720 ndi 576 mupeza 1.25, pomwe 4:3 ndi 1.33 ndipo 16:9 ndi 1.78. Ndiye kuti zimene zasungidwazo sizikugwirizana ndi ina iliyonse mwa ziwirizi. Chinsinsi chake n'chakuti timadontho topanga chithunzi, mapikiselo aja, pa DV si tofanana mbali zonse monga a pa kompyuta. M'fayilo mumakhala kachizindikiro kouza pulogalamu kuti itambasule chithunzi motani poonetsa: 4:3 ioneke ngati 768x576, 16:9 ngati 1024x576. Ya NTSC (dongosolo la ku America) ndi 720x480, koma nkhani ndi yomweyo.

Ndikukayikira kapulogalamu kanu kaja kuti kanataya kachizindikiroko. Matepi a 4:3 anangopanikizika pang'ono, n'chifukwa chake simunazindikire. Atatu omalizawo bambo anu ayenera kuti anasinthira kamera ku 16:9, ndiye chithunzi choyenera kufika 1024 chapanikizidwa mu 720. Achemwali anu sanaonde ayi.

Tsimikizani kaye musanakonze. Tsegulani fayilo imodzi mu pulogalamu yoonera makanema ya VLC, imitsani pomwe njinga ikuoneka, muzidina batani la A. Lizisintha kaonekedwe kamodzikamodzi. Pomwe tayala lazungulira, muyezo wake ndi womwewo. Pulogalamu ya MediaInfo nayonso ingakuonetseni zomwe fayilo ikunena pa Display aspect ratio.

Kukonza kwake, ngati mafayilo oyamba a AVI mukadali nawo, bwererani kwa amenewo, chifukwa kawirikawiri chizindikiro chimakhala chikadalimo, komanso chithunzi sichinafinyidwe kawiri. Mu Shotcut dinani kanemayo, pitani pa Properties, pa Aspect ratio lembani 4 ndi 3 kapena 16 ndi 9 malinga ndi tepi. Pa matepi a mayi, tsegulani fyuluta ya Size, Position & Rotate muone ngati ili pa Distort. Ngati ili choncho, ingoichotsani. Chithunzi chidzakhala 1440x1080 pakati, ndi mpata wakuda wa mapikiselo 240 mbali iliyonse. Mipata imeneyo si chilema, ndi mmene kamera inaonera tsiku limenelo.

kadaulo_wamng'ono:

Akuluwa afotokoza bwino, koma ine mipata yakuda imandinyansa. Bwanji osangokulitsa chithunzi mpaka chidzaze sikirini? Chithunzi chimakula mofanana mbali zonse, palibe wonenepa palibe woonda, sikirini yadzaza. Ndimachita choncho ndi makanema anga onse.

Ndipo ngati AVI munafufuta, pulogalamu ya ffmpeg imabwezera chizindikiro popanda kukhudza chithunzi:

ffmpeg -i tepi12.mp4 -c copy -aspect 16:9 tepi12_bwino.mp4

Zimatha nthawi yochepa kwambiri. Kungoti ma TV ena samvera chizindikiro cholembedwa motere, choncho muyese kaye.

wa_matepi_akale:

Za ffmpeg zo n'zoona achimwene, ndavomera. Koma zokulitsazo pa matepi ngati awa ndikukana. Kuti 4:3 idzaze 16:9 muyenera kudula gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa chithunzi, pamwamba ndi pansi. Wojambula kunyumba saganiza zosiya malo pamwamba pa mutu wa munthu. Ndinachitapo zimenezi pa kanema wa mwana wanga akuphunzira kuyenda, ndipo chomwe chinadulidwa ndi mapazi, chinthu chenicheni chimene ndinkajambula. Komanso chithunzi cha mizere 576 mukachikulitsa chotero chimachita chimbuuzi.

China ndinaiwala, mayi: DV imajambula mizere molukanalukana, 576i, choncho munthu akamayenda m'mphepete mwake mumaoneka timano ngati ta chipeso. Muchotse kaye timano timeneti musanakulitse chithunzi. Mu Shotcut, pa Export, onetsetsani kuti Scan mode ili pa Progressive ndipo Deinterlacer ili pa YADIF. Muonenso TV yanu, chifukwa ambiri ali ndi makonda awo otambasula chithunzi. Ikani pa Original kapena Just Scan, malinga ndi mtundu wake.

mzime_wa_mayi:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Mafayilo a AVI ndinawapeza pa hard drive yakale, mwamwayi sindinafufute. MediaInfo ikuti matepi 11 ndi 4:3, atatu omaliza 16:9, ndendende mmene munanenera bambo. Fyuluta ija inalidi pa Distort.

Zokulitsa zija ndinaziyesa achimwene, koma pa tepi yachiwiri zinadula mutu wa bambo pomwe anapatsa mayi kamera kuti nawo aonekeko, ndipo ndi malo awiri okha m'matepi onse pamene bambo akuoneka. Ndasiya mipata yakuda.

Usiku wathawu ndinaimitsa kanema pa wotchi ija n'kuika rula pa sikirini: masentimita 6 chopingasa, 6 choimirira. Kenako ndinadina kuti apitirire, mayi n'kutembenuka kuyang'ana kamera akuseka, ndi nkhope yawo yeniyeni, yaitali pang'ono ngati ya achemwali. Ndatumiza kachidutswa ka mphindi ziwiri kwa abale, ndipo matepi otsalawo ndiyamba Loweruka.