Kiliya akusupuka padenga la Corolla, polishi angathandize?

WaNZE121

Akuluakulu odziwa za penti, ndigawireni nzeru. Galimoto ndi Toyota Corolla ya 2004, yasiliva, ndipo imakhala panja usana ndi usiku. Padenga kiliya, penti wopanda mtundu wowalitsa wa pamwamba uja, anayamba ndi kutuwa, pano akusupuka zigambazigamba, ukakanda ndi chikhadabo akumachoka. Dzimbiri palibe, zitseko zili bwinobwino. Kodi polishi angabwezeretse kuwala? Kapena ndingogula kiliya wa m'chitini n'kupopera pomwe pasupukapo?

Mmisiri wa Penti

Achimwene, za polishi iwalani. Pamwamba pa chitsulo cha galimoto yanuyo pali pulayimala, kenako base coat amene ndiye mtundu wasilivawo, pamwamba penipeni kiliya. Dzuwa likamuwotcha kiliya kwa zaka zambiri amauma n'kuleka kugwirana ndi base coat, n'chifukwa chake vutoli limayambira padenga, paboneti ndi pabuti. Kiliya amene wangotuwa koma ukasisita ndi wosalala amabwerera ndi rubbing compound, mankhwala okhulira penti kuti awale. Wosupuka ndiye wafa basi. Ngakhale amene akuoneka ngati wagwira m'mbali mwa zigambazo watsala pang'ono kuchoka, ndipo mukapopera watsopano pamwamba pake adzanyamukira limodzi. Denga lonse lipentedwe.

Yambani mwalitsuka ndi sopo, likauma mulipukute ndi degreaser (mankhwala ochotsa mafuta) musanaikepo sandipepa. Mukayamba ndi kukwecha, polishi wakale ndi mafuta zimalowa m'mikwingwirima ya sandipepa ndipo zidzakuonekerani pa penti watsopano. Zulani timalamba takuda tiwiri tomwe timayenda m'mbali mwa denga, chifukwa m'ngalande zimenezo ndi momwe penti watsopano athere, malire ake osaoneka.

Kwechani kouma ndi nambala 320, sandipepa mutamukulunga pa buloko, osati ndi zala, zala zimasiya timigula. Musatsindike kwambiri, chitsulo cha denga n'chopyapyala, chimabonyoka. Kiliya yense wofooka achoke mpaka ukadutsa ndi chikhatho usamve kamlomo kalikonse. Pomwe mwafika pa chitsulo thirani etch primer (pulayimala wogwira pa chitsulo chosapenta) pang'ono, kenako pulayimala wa 2K (wosakaniza ndi hardener, mankhwala oumitsa) denga lonse, makoti awiri kapena atatu. Ambiri amasakanizidwa magawo 4 a pulayimala ndi gawo limodzi la hardener, koma tsatirani zolembedwa pa chitini chanu. Agone usiku wonse. M'mawa muwazeko pang'ono penti wakuda wa m'chitini, mukweche ndi 600 ndi madzi, mumalize ndi 800. Paliponse pomwe pakutsala chakuda ndiye kuti pali kadzenje. Siliva sabisa kanthu, mikwingwirima ya 400 imaonekera pansi pa kiliya.

Base coat asakanizidwe ndi thinazi wake muyezo wofanana. Theka la lita likwana denga la Corolla n'kutsalako. Makoti awiri kapena atatu opyapyala, pakati pake muzidikira mphindi 10 mpaka 15 kuti aleke kunyezimira. Mukanenepetsa koti, tinthu tonyezimira ta musiliva timaunjikana n'kupanga mawangamawanga. Kiliya abwere tsiku lomwelo, patatha mphindi 20 kapena 30, ndipo base coat musamukweche. Mamililita 500 a kiliya ndi 250 a hardener, thinazi asapose gawo limodzi pa 10. Gani yopoperayo ikhale ya nozo ya 1.3 kapena 1.4, mpweya cha m'ma 2 bar, kutalika kwake masentimita 15 mpaka 20 kuchokera padenga, mzere uliwonse uzikwirira theka la unzake. Koti yoyamba yapakatikati, mudikire mphindi 10, yachiwiri yonyowa bwino.

Che Panelo

Zonse anena a Mmisiri n'zoona, koma tikumbuke kuti galimoto ndi ya 2004 ndipo si onse ali ndi kompuresa. Ngati cholinga n'kungoti denga lisachititse manyazi, njira yachidule ilipo: kwechani milomo ya zigambazo ndi 800 ndi madzi, denga lonse mulikhule ndi kasiponji kokhulira ka Scotch-Brite kotuwa kaja, mupopere kiliya wa 2K wa m'chitini. Ameneyu ali ndi kabatani pansi kothyolera hardener, ndipo mukakathyola mumugwiritse ntchito pasanathe masiku awiri. Zitini ziwiri kapena zitatu. Kiliya wamba wa m'chitini, wopanda hardener, musataye naye ndalama, dzuwa la kuno amatuwa nalo msanga ndipo petulo akamugwera amasungunuka.

Mmisiri wa Penti

Che Panelo, pa mtundu wakuda kapena wina wopanda zonyezimira njira imeneyo ingapusitseko maso. Pa siliva ayi. Base coat amene wakhala pamtetete wapsa kale, mtundu wasintha, ndipo sandipepa akangomukhudza zonyezimira zija zimasokonekera. Kiliya amangoonetsa bwino mapu a zigamba zonse. Komanso base coat wakupsa amakhala wafumbifumbi, kiliya watsopano alibe pogwira. Ngati ndalama zavuta bola kumata vinyl (pulasitiki womata) wakuda padenga, koma nayenso amafuna denga lokwechedwa losalala, apo ayi zigamba zonse zimaonekera pansi pake.

WaNZE121

Zikomo akulu. Ndipita njira yaitaliyo, kukwecha ndikwecha ndekha, kupopera ndibwereka gani. Mtundu weniweni ndiupeza bwanji? Nanga kupopera pabwalo n'kotheka?

Gani 1.3

Nambala ya mtundu ili pa kachitsulo kapena kapepala ka Toyota, m'chipinda cha injini kapena pa mphuthu ya chitseko chakutsogolo, pomwe palembedwa COLOR kapena C/TR. Imakhala ya zilembo zitatu, monga 040 wa woyera ndi 202 wa wakuda. Masiliva a Toyota alipo angapo, choncho musangoti "ndikufuna siliva". Pitani kwa osakaniza penti ndi nambalayo pamodzi ndi kachitseko ka pothirira petulo, kuti ayerekeze ndi mmene galimoto yazilalira.

Pabwalo ayi. Pezani shedi, pansi muwaze madzi kuti fumbi ligone, galimoto yonse muikute ndi pulasitiki. Denga ndi lathyathyathya, kalikonse kouluka kamatera pomwepo. Poperani m'mamawa kusanayambe mphepo. M'miyezi yotentha ngati Okutobala gulani hardener wouma pang'onopang'ono, chifukwa wofulumira amauma kiliya asanayale, n'kukhala makwinya ngati khungu la lalanje. Masiku a chiperoni kapena a mvula dikirani, chinyontho chimachititsa kiliya kuyera mbuu.

Kompuresa muikhetse madzi pansi pa thanki ndipo pa paipi pakhale chosefera madzi. Timaenje tozungulira tomwe timaoneka pa kiliya wosauma timabwera ndi madzi kapena oyilo wa mu kompuresa, kapenanso mankhwala owalitsira matayala ndi dashibodi, amene amakhala ndi silikoni. Asapoperedwe pafupi tsiku limenelo.

Imani pa benchi lolimba kuti gani iziyang'ana denga molunjika. Yambirani m'mphepete mwa mbali imodzi mpaka pakati, muthamangire mbali inayo n'kupitiriza kuchokera pakati pomwepo penti asanaume. Mukazengereza pakati pamatsala mzere wokhakhala. Paipi muikoleke paphewa, malaya akhale othina, chifukwa madenga ambiri amaonongeka ndi mimba ya wopopera ikakhudza m'mphepete.

Hardener wa 2K ali ndi isocyanate amene amaononga mapapo. Kamasiki ka fumbi kapena kansalu sikatchinga kanthu. Pamafunika masiki yogwira bwino kumaso ya makatiriji atsopano a penti, magolovesi, ndi malo oti mpweya uzituluka.

Che Panelo

Tepi ya m'mphepete muisende kiliya asanaumiretu, pakatha ola limodzi, kuti isang'ambe mlomo. Tifumbi kapena poyenderera musakhudze tsiku lomwelo. Pakapita masiku awiri mukweche ndi 1500 kenako 2000 ndi madzi, mupukute ndi compound. Wax adikire mwezi wathunthu kuti thinazi atuluke yense, ndipo m'masabata oyambawo musaimike pansi pa mtengo, zitosi za mbalame zimadya kiliya wanthete.