Pa ntchito yopeta, ndigule laputopu yatsopano yotsika mtengo kapena yogwirapo kale ntchito?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ndi bizinesi yaing'ono yopeta ku Lilongwe, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi mabaji a masukulu, zizindikiro za pa yunifolomu za makwaya ndi magulu a amayi a kutchalitchi, komanso mayina a pa zipewa ndi malaya. Makina anga opetera amawerenga mafayilo a PES (mtundu wa fayilo wosunga chithunzi chopeta) kudzera pa fulashi, choncho chithunzi chilichonse chimene kasitomala wabweretsa ndimayamba ndachikonza pa laputopu, kusankha njira imene ulusi uyende ndi kuchuluka kwa masitichi, kenako n'kuchisamutsira ku makina. Laputopu ikaima, makinanso aima, ngakhale ali abwinobwino.

Imene ndili nayo ndinaigula yatsopano pa mtengo wotsika. Hinji ya kumanzere yazula pulasitiki imene inagwirapo, moti ndikamatsegula sikirini ndimachita kuichirikiza ndi dzanja, ndipo polowetsa chaja pakugwedera. Ndikatsegula baji ya masitichi ambiri, yokhala ndi zilembo zing'onozing'ono zozungulira chishango, imakhala nthawi yaitali isanayankhe. Wokonza ataitsegula anandionetsa kuti RAM yake (memori imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito akamayenda) ya 4GB ndi chosungira mafayilo cha eMMC cha 64GB zinawotchereredwa pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa laputopu, kotero palibe chimene angawonjezere.

Ndalama zimene ndasonkhanitsa zingakwanire yatsopano ya purosesa yotsika mtengo ya Celeron, kapena yogwirapo kale ntchito mwa zija zochokera m'maofesi a kunja, monga Lenovo ThinkPad T480 kapena Dell Latitude 5490. Kukongola kwa laputopu sikukundikhudza. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, ndi iti imene ikawonongeka m'nyengo yotsegulira sukulu, pamene mabaji amandipanikiza, mmisiri wa konkuno angaikonze ndi zipangizo zopezeka m'tauni? Ndiponso, kodi pali nzeru kulipira kuti akonze yakaleyi?

Yankho la bambo wokonza makompyuta:

Mayi, pa ziwiri mwatchulazo ine ndingakulangizeni yogwirapo kale ntchito, pokhapokha muigule mwanzeru. T480 ndi Latitude 5490 zinatuluka mu 2018, ndipo zonse ziwiri zili ndi malo awiri olowetsa RAM, chosungira mafayilo chake cha SSD chimachotsedwa, komanso kiyibodi, fani ndi batire zimasinthidwa chilichonse pachokha. Popeza maofesi anazigula zambiri, zipangizo zake sizivuta kupeza, ngakhale zochotsa pa ina yakufa. Pali kusiyana kumodzi kumene kukukhudzani, poti mwadandaula za polowetsa chaja: pa Latitude 5490 pamalumikizidwa ndi kachingwe kamene timangosintha, pomwe T480 imatchajidwa pa USB-C yowotcherera pa motherboard, imene kukonza kwake kumafuna dzanja lodziwa. Mbali inayi, T480 ili ndi batire lakunja lochotsa popanda kumasula chilichonse, ndipo limeneli ndi thandizo lalikulu magetsi akathima muli pakati pa ntchito.

Chenjerani ndi purosesa. Mitundu iwiriyi inatulukanso ndi Intel wa m'badwo wachisanu ndi chiwiri, monga i5-7300U, amene sali pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho funani ya nambala yoyamba ndi 8, monga i5-8250U kapena i5-8350U. Musanapereke ndalama, uzani wogulitsa alowe mu BIOS (tsamba la masetingi limene amatsegula laputopu ikungoyatsidwa, Windows isanayambe) inu mukuona, chifukwa yotsekedwa ndi pasiwedi ya ofesi imene inachokera idzakuvutitsani. Lowetsani fulashi yanu m'mabowo onse a USB, tsegulani ndi kutseka sikirini kangapo kuti mumve mahinji, ndipo lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, polembera malamulo mu Windows, kuti muone mphamvu imene yatsala m'batire. Yakaleyo musaitayire ndalama zambiri, chifukwa mukakonza hinji ndi polowetsa chaja, kuchedwa kuja kudzakhalapobe.

Yankho la mayi wina wopeta ku Blantyre:

Achemwali, ndikugwirizana ndi bambowa, koma ndionjezere za ntchito yathuyi. Yambani mwaona pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito musanasankhe laputopu. PE-Design ya Brother imafuna Windows, kotero Chromebook musaiyang'ane n'komwe ngakhale itatsika mtengo chotani. Ink/Stitch, imene imagwira mkati mwa Inkscape, ndi yaulere ndipo imatulutsa mafayilo opetera a PES ndi DST. Ngati pulogalamu yanu ili ndi kiyi ya USB (kachipangizo konga fulashi kamene kamayenera kulowetsedwa kuti pulogalamuyo igwire ntchito), ndiye kuti bowo limodzi latha kale, lina ndi la fulashi, lina la mausi, choncho werengani mabowo. RAM isachepere 8GB, ndipo sikirini ikhale ya 1920 ndi 1080, chifukwa pa ya 1366 ndi 768 zida za pulogalamu zimadya malo ndipo zilembo za pa baji simuziona bwino.

China n'chakuti laputopu isakhale pa tebulo limodzi ndi makina. Tiulusi ndi fumbi la nsalu zimakokedwa ndi fani n'kutseka potulukira mpweya, ndipo laputopu imayamba kutentha ndi kuzima yokha. Mafayilo a mabaji muziwasunga malo awiri, chifukwa sukulu ikabweranso chaka chamawa imafuna baji yofanana ndendende ndi ya chaka chatha.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri bambo, zikomonso achemwali. Mtima wanga wapendekera ku Latitude 5490 chifukwa cha nkhani ya polowetsa chaja ija. Bambo, ndatsala ndi funso limodzi: ndikaipeza ili ndi batire lofooka koma zina zonse zili bwino, kodi ndiitenge n'kupempha kuti anditsitsire mtengo, kapena mabatire ogulitsidwa padera ndi osadalirika moti ndi bwino ndifune ina ya batire lamphamvu?