Kodi "mlandu suwola" ndi chitonthozo kapena chiopsezo?

Wofunsa:

Akuluakulu ndi inu nonse ozama m'chinenero chathu, ndikupempha kuti mundithandize kumvetsa mwambi wakuti "mlandu suwola". Ndaumva kuyambira ubwana wanga, ndipo ena amauwonjezera mchira ponena kuti chimene chimawola ndi nyama, koma posachedwapa ndidaumva kawiri m'sabata imodzi ukunenedwa mosiyana kwambiri, moti ndidayamba kukayika ngati ndimaudziwadi. Woyamba kuunena adali mayi wina amene adalandidwa katundu yense mwamuna wake atamwalira. Adaunena motsitsa mawu, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodzitonthoza kuti tsiku lina adzamvedwa. Wachiwiri adali mnyamata amene ankakamba za anthu a mtundu wina omwe akuti adazunza makolo a agogo ake. Iye adaunena akuloza chala m'mwamba, ndipo tonse amene tidalipo tidamva kuti sakunena za bwalo la milandu ayi.

Matanthauzo awiriwa amakumana m'moyo wa munthu mmodzi. Mu Julayi 1995, Ratko Mladić, mkulu wa asilikali a Aserbia a ku Bosnia, atalowa m'tauni ya Srebrenica, adaima patsogolo pa kamera n'kunena kuti nthawi yobwezera Aturuki yakwana. Pamenepo n'kuti Aturuki atasiya kulamulira Bosnia zaka zoposa 100 m'mbuyomo, ndipo amuna ndi anyamata pafupifupi 8,000 amene adaphedwa m'masiku otsatirawo sadali Aturuki, adali Asilamu a ku Bosnia komweko olankhula chinenero chomvana ndi cha owaphawo. Kwa Mladić mlandu wa makolo udali usadawole. Koma iye mwini, atabisala kwa zaka zambiri, adagwidwa mu 2011, ndipo mu 2017 khoti la bungwe la United Nations la ku The Hague lidagamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Amayi amene adataya ana awo ku Srebrenica, akadakhala odziwa Chichewa, akadanena mwambi womwewo tsiku limenelo.

Katswiri wa matenda a maganizo Vamık Volkan, wobadwira ku Cyprus, adafotokoza mmene mtundu wa anthu umasankhira tsoka limodzi la m'mbiri yake n'kumalipatsira ana ndi adzukulu, mpaka tsokalo n'kukhala chizindikiro chowadziwitsa kuti iwo ndani. Chitsanzo chake chodziwika ndi nkhondo ya ku Kosovo ya mu 1389 ya pakati pa Aserbia ndi Aturuki, imene mtsogoleri wa Serbia Slobodan Milošević adaikumbutsa khamu lalikulu la anthu pa 28 Juni 1989, patapita zaka 600. Bala loterolo limakhala chete kwa mibadwo ingapo, koma mtsogoleri wofuna mpando akalikanda, anthu amamva ululu ngati avulala dzulo. Funso langa tsono n'lakuti: pamene makolo ankati mlandu suwola, ankalonjeza wolakwiridwa kuti chilungamo chidzafika, kapena ankaloleza kuti mkwiyo usungidwe mpaka udzapeze wougwera?

Woyankha woyamba:

Mwana wanga, yankho lili m'mawu akuti "mlandu" momwemo. Mlandu uli ndi mwini wake, uli ndi woimbidwa amene dzina lake limatchulidwa, uli ndi mboni ndiponso woweruza. Timauzenga, timaugamula, ndipo ukagamulidwa timati watha. Mwambiwu umachenjeza wopalamula kuti asaganize kuti kuthawa kapena kupita kwa zaka kudzamupulumutsa, komanso umauza wolakwiridwa kuti asathamangire kubwezera ndi manja ake, popeza nkhani yake siiwonongeka poyembekeza. Nyama ndiye imafuna changu chifukwa ikagonera imanunkha, pamene mlandu ukhoza kudikira kuti mitima iyambe yazizira. Kwa ine, mwambiwu ndi wa kudekha.

Chimene mnyamata wanu uja wasunga si mlandu, ndi chakukhosi. Chakukhosi sichifuna mboni, sichifuna kumva mbali ya winayo, ndipo sichidziwa dzina la wopalamula, chimangodziwa mtundu wake. N'chifukwa chake chimagwera ngakhale khanda lobadwa lero.

Ndionjezere kanthu kakang'ono kamene ambiri sakaona. Polemba, "kuwola" kwa chinthu chovunda ndi "kuwola" kwa kusonkhanitsa zotayika n'kofanana, timangokusiyanitsa polankhula. Tili ndi mwambi wina wakuti "madzi akatayika sawoleka". Ine ndimaiyika miyambi iwiriyi pamodzi: wakufa sabwerera, zaka za m'ndende sizibwezedwa, madziwo adapita, koma kufunsa amene adagubuduza mtsukowo ndi ufulu umene suvunda.

Woyankha wachiwiri:

Bambo, kumasulira kwanu n'kokoma, ndipo pa mawu akuti "mlandu" ndikugwirizana nanu, koma ndikuona kuti mwalekanitsa mlandu ndi chakukhosi ngati zinthu zobadwa kwa amayi osiyana. Chakukhosi chambiri chidayamba chili mlandu weniweni umene bwalo lidakana kuumva. Munthu akapita kukadandaula n'kubwezedwa pakhomo, mawa n'kuuzidwa kuti aiwale chifukwa dziko likufuna mtendere, nkhani yake amaifotokozera ana ake, ndipo pofika kwa adzukulu dzina la wopalamula limakhala litatayika, kwatsala dzina la mtundu lokha.

Ku Rwanda, kumene anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, adaphedwa m'masiku pafupifupi 100 mu 1994, boma lidakhazikitsa makhoti a m'midzi otchedwa gacaca. Kuyambira 2002 mpaka 2012 makhotiwa adazenga milandu pafupifupi 2 miliyoni, oweruza ake ali anthu wamba osankhidwa ndi anzawo. Amasiye ambiri adadziwira pamenepo kumene matupi a abale awo adatayidwa. Komabe milandu ya asilikali a RPF, gulu limene lidapambana nkhondo n'kutenga boma, amene adapha anthu wamba m'chaka chomwecho sidaloledwa kufika m'makhotiwa, ndipo ngati mwambi wathu uli woona, imeneyonso sidawole.

Ku South Africa njira idali ina. Komiti yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu utatha ulamuliro wa tsankho, imene adaitsogolera bishopu wamkulu Desmond Tutu, idayamba kumva maumboni mu 1996, ndipo idalandira madandaulo a anthu oposa 21,000. Mwa anthu oposa 7,000 amene adapempha kukhululukidwa, 849 okha ndiwo adakhululukidwa. Banja la Steve Biko, wolimbana ndi ulamuliro wa tsankho amene adafera m'manja mwa apolisi mu 1977, lidatsutsa dongosolo lonse la chikhululukiroli mpaka kukhoti, chifukwa kwa iwo kuulula kokha sikudali kugamula mlandu.

Akatswiri a maganizo a anthu ali ndi zonena zothandiza pano. Kevin Carlsmith ndi anzake adapeza mu 2008 kuti anthu amene adapatsidwa mwayi wolanga wowadyera masuku pamutu ankayembekeza kupepukidwa mtima, koma m'malo mwake ankangoganizirabe za munthuyo ndipo ankakhala osakondwa kuposa amene sadalange. M'chaka chomwecho Nurit Shnabel ndi Arie Nadler adaonetsa kuti mbali ziwirizi zimasowa zinthu zosiyana: wolakwiridwa amafuna kubwezeredwa mphamvu ndi ulemu umene adalandidwa, pamene wolakwa amafuna kulandiridwanso ngati munthu pakati pa anthu. Amene akuyanjanitsa mitundu akangothamangira kugwiranitsa anthu chanza, wolakwa amapeza chimene ankafuna, wolakwiridwa n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Choncho ine ndimamva mwambiwu ukulankhulanso kwa oweruza ndi atsogoleri, osati kwa wopalamula yekha.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri, bambo, ndi inunso mayi. Ndagwira kuti mlandu uyenera kukhala ndi dzina la munthu, ndipo malamulo a mayiko akugwirizana nazo, popeza pangano la ku Rome la mu 1998, limene lidakhazikitsa khoti la milandu la dziko lonse, limati milandu yopululutsa mtundu wa anthu siitha ndi kupita kwa nthawi, koma imaimbidwa munthu payekha. Chatsala kundivuta ndi ichi. Félicien Kabuga, amene ankaimbidwa mlandu wothandiza ndi ndalama kupha anthu ku Rwanda, adagwidwa pafupi ndi Paris mu 2020 atabisala zaka 26, koma mu 2023 oweruza adapeza kuti matenda oiwalaiwala a ukalamba amufooketsa moti sangayankhenso mlandu. Mlandu sudawole, koma woyenera kuuyankha ndiye adatha. Kodi pamene wopalamula wamwalira kapena wasokonekera mutu, makolo ankati mlandu wotere umatsala m'manja mwa yani? Ngati alipo amene adamvapo mwambiwu ukunenedwa pa nkhani yotere, ndikufuna kudziwa amene ankaunena ndi amene ankauzidwa.