Mtsikana wanga alowa bwanji pakati pa makina a nthunzi?

Wolemba nkhani za achinyamata: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndikulemba buku la steampunk (nkhani zopeka za dziko loyendera makina a nthunzi) lochitikira m'dziko lopeka lofanana ndi Japan wa m'ma 1870, muli zombo zouluka zoyendera nthunzi komanso mizimu ya m'mapiri. Mkonzi wandibwezera mitu yoyambirira. Akuti mtsikana wa m'buku langa wa zaka 16 alibe chomufikitsa pafupi ndi makina, ndipo mzindawo ukungooneka ngati London atavala kimono, chovala cha makolo cha ku Japan. Ndiyambire pati?

Mkonzi wa mabuku: Achemwali, funso loyamba n'lakuti makinawo akutulutsa thukuta la yani? Fufuzani za fakitale ya silika ya Tomioka. Boma la Japan la nthawi ya Mfumu Meiji linaitsegula mu 1872, makina ake anali ochokera ku France, ndipo katswiri wake anali Paul Brunat. Ogwira ntchito anali atsikana, ambiri ana a masamurai (ankhondo akale a ku Japan), a misinkhu ngati ya mtsikana wanuyo. Poyamba makolo ankakaniza ana awo chifukwa kunamveka mphekesera yoti Afalansa amamwa magazi a anthu, pomwe anali vinyo wofiira chabe. Odaka Junchu, mkulu woyamba wa fakitaleyo, anachita kulembetsa mwana wake weniweni kuti anthu mitima itsike. Inu mukulemba zamatsenga. Bwanji ngati m'buku lanu mphekeserayo ndi yoona?

Mphunzitsi wa zaumakaniko: Ine ndalowera zombozo. Injini ya nthunzi imalemera, imadya malasha ndi madzi osasewera. Henri Giffard anauluka ndi chombo chotere mu 1852, koma mphamvu yake inali yochepa moti sichinathe kubwerera molimbana ndi mphepo. Ngati zanu zikuuluka mtunda wautali, owerenga adziwe chimene chikuzinyamula, ndiye mizimu ija ipeze ntchito pamenepo. Tizipangizo ta m'nyumba musatiike nthunzi ayi. Japan anali kale ndi zidole za karakuri, zina zoperekera tiyi kwa alendo, zoyendera sipulingi. Tanaka Hisashige anatchuka nazo asanayambitse kampani imene inadzakhala mbali ya Toshiba. London uja achoka mukatero.

Wojambula zikuto: Kanga ndi kachovala. Pa kimono, mbali ya kumanzere imakhala pamwamba pa ya kumanja. Mukatembenuza, mwamuveka ngati maliro. Komanso lamulo la 1876 linaletsa masamurai kuyenda ndi malupanga, ndiye bambo a mtsikanayo akakhala nalo m'chiuno mumsewu, pakhale chifukwa.

Wolemba nkhani za achinyamata: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Bambo ake akhala samurai amene chuma chamuthera, mtsikana apita kufakitale kuti banja lidye, ndipo kumeneko azindikira kuti mubhoila, mowiritsira madzi a injini, munatsekeredwa mzimu. Aphunzitsi, ndikutumizirani mutu wa m'chipinda cha injini Lachisanu kuti muone ngati ndalongosola bwino mavavu ndi kuchuluka kwa nthunzi.

Mphunzitsi wa zaumakaniko: Tumizani, achemwali. Mujambulenso papepala pomwe pali ng'anjo, thanki la madzi ndi khomo lotulukira, ndidziwe komwe mtsikanayo angathawire bhoila ikayamba kuchucha.